Mutu 6: Nsonga ya Chitsulo

1. Zipata zisanu ndi ziwiri

Pa chipatala cha ku Warrinya, chipinda chojambulira ekisire chili kumapeto kwenikweni, kuseri kwa mochapira zovala. Chilibe zenera. Makoma ake ali ndi mtovu m'kati, moti ngakhale foni sigwira. M'menemo ndi m'mene Tahlia Petrakis ankathera masiku ake.

Tahlia anali ndi zaka makumi awiri ndi chimodzi, ndipo anali m'chaka chomaliza cha maphunziro ojambula odwala. Sukulu yake ya mumzinda wa Adelaide inamutumiza kuno kwa miyezi inayi kuti adzaigwire ntchitoyo ndi manja. Anzake anawatumiza m'zipatala za m'mbali mwa nyanja. Iye anagwera tauni ya msewu umodzi, ntchentche ndi fumbi lofiira.

Anthu a kuno si oipa. Kungoti anadziwana kalekale ndipo sasowa munthu wina. Moni wawo ndi kutukula chala chimodzi pa chiwongolero, basi. Madzulo Tahlia ankadya yekha m'nyumba ya anamwino, ali chiimire pafupi ndi sinki, chifukwa tebulo la m'menemo linali la mipando isanu ndi umodzi.

Tsiku lokoma linali Lamlungu lokha.

Mayi Noreen Haddow anali ndi zaka makumi asanu ndi awiri kudza zinayi. Ankakhala okha ndi galu wawo Mozzie pa famu ya nkhosa, makilomita makumi asanu ndi anayi kuchokera m'tauni. Anamupeza Tahlia m'sitolo akudzaza basiketi ndi zakudya za m'zitini, ndipo anangoti, "Iwe, ukufuna kufa ndi zitini? Lamlungu ubwere kwathu."

Msewu wa ku famuko ndi wafumbi ndipo uli ndi zipata zisanu ndi ziwiri. Tsiku loyamba, mayi Noreen sanamupatse n'komwe mpando.

"Tamvera, mtsikana wa m'tauni," anatero. "Chipata chachitatu watseka? Usandiyankhe msanga, yamba waganiza. Kuno ukhoza kunditukwana, ukhoza kundiswera mbale, ndikhululuka. Koma chipata ukachipeza chotseka, utsike, utsegule, udutse, utsikenso, utseke. Kaya kukugwa mvula, kaya wachedwa. Chimodzi chikangotsala chotsegula, nkhosa zamphongo zilowa kwa zazikazi nthawi isanakwane, ana abadwa kulibe msipu, afa onse. Ine ndakhala pano zaka makumi asanu ndipo sindinasiyepo chipata chotsegula. Ngakhale tsiku limene ndinkathamangira ndi malemu amuna anga ku ndege yonyamula odwala, ndinatseka zonse. Wamva? Khala pansi udye."

Kuyambira pamenepo, Lamlungu lililonse kunali mwendo wa nkhosa wootcha, maungu ndi masikono opaka jamu. Kunalinso munthu womutchula dzina.

Koma Tahlia anali ndi maso. Masabata atatu otsatizana anaona kuti mayi Noreen akamadzuka pampando amayamba aima kaye, atagwira pakati pa ntchafu ya kumanja. Atawafunsa, anamuyankha kuti, "Ndi ukalamba. Maso akowo uziyang'anira m'mbale mwako."

2. Chenjezo la bambo Pascoe

Lachinayi m'mawa, bambo Desmond Pascoe anamuponyera ndandanda wa odwala. Iwowa ndiwo ankamuphunzitsa ntchito. Anali bambo woonda, wosaseka, amene anatha zaka makumi atatu m'chipinda chopanda zeneracho.

"Petrakis, wa teni koloko ndi mnzako wa Lamlungu uja," anatero. "Anamuika nyung'unyu yachitsulo zaka zisanu ndi zinayi zapitazo. Lero ndi chithunzi chake cha chaka ndi chaka. Umujambula wekha. Ine ndikhala ku wodi ndi makina oyenda nawo. Koma tayamba wakhala pansi."

Anaika chithunzi chakale pa kompyuta. Chitsulo chinkaoneka choyera mbee pakati pa mafupa otuwa.

"Chinthuchi chili ndi mbali zitatu. Kachikho aka amakamatira m'fupa la m'chiuno. Kampira aka kamazungulira m'kachikhomo. Ndiye pali chitsulo chachitali ichi, chimene amachikhomera m'kati mwa fupa la ntchafu. Ana a sukulu nonse mumathamangira kumtunda, kukampira, chifukwa n'kokongola. Koma vuto limakonda kubisala kumunsi kuno, kunsonga. Chitsulo chikayamba kugwedera, nsonga yake imapala fupa m'kati pang'onopang'ono, mpaka fupalo limapyapyala ngati chigoba cha dzira. Mwini wake akuyenda, akuseka. Tsiku lina angotsika pa galimoto, thyo!"

Anavula magalasi n'kuwapukuta ndi malaya.

"Ndili wamng'ono ngati iwe ndinajambula bambo wina. Chithunzi chinali chokongola, koma nsonga inatsalira kunja ndi zala ziwiri zokha. Ndinati zilibe kanthu, munthu akuyenda bwinobwino. Patatha miyezi inayi anamupeza m'khola, atagona pansi masiku awiri, akhwangwala atayamba kale kutera pa mpanda. Palibe anandiimba mlandu. Koma ndikukuuza lero, patapita zaka makumi atatu, ndiye udziwe kuti nkhaniyo sinandichoke. Chithunzi chopanda nsonga si chithunzi. Chachiwiri, iwe si dokotala. Chilichonse chimene uone, pakamwa utseke, undiitane."

"Ndamva, bambo."

"Tiona," anatero, n'kukankha makina awo kutuluka.

3. Chithunzi choyamba

Mayi Noreen anafika nthawi isanakwane, chipewa kumutu, chitini cha masikono m'khwapa. Galu wawo Mozzie anatsala panja, m'pikiapu yawo.

"Eni, tenga. Waonda ngati nkhosa yometa kumene," anatero. "Ndipo uchite changu. Kumpoto kwada bii. Ndikufuna ndikawoloke mtsinje mvula isanagwe, apo ayi ndigona m'tauni muno sabata yathunthu. Ometa nkhosa akubwera Lolemba."

"Valani kaye chovala ichi, mayi."

"Chotsegula kumbuyochi? Anachisoka ndi munthu wamwamuna, ndikulumbira."

Tahlia anaseka. Kanali koyamba kuseka sabata imeneyo.

Anawagoneka chagada pa tebulo lojambulira, mutu pa pilo. Anawapotolera mapazi m'kati mpaka zala zazikulu zinagundana. Anapapasa fupa la m'chiuno, n'kutsitsa kuwala kwa makina mpaka kunafika pakati pa ntchafu. Kenako anaika kachilembo ka mtovu kosonyeza mwendo wa kumanja moyang'anizana ndi nyung'unyu. Anapita kuseri kwa galasi ndipo anaweramira mabatani ake.

"Musapume. Chabwino, pumani."

Chithunzi chinatuluka pa kompyuta. Kachikho kanali m'malo mwake. Kampira kanali m'malo mwake. Chitsulo chachitali chinatsika bwinobwino, n'kukathera m'mphepete mwa chithunzi. Nsonga panalibe.

Tahlia anayamba wadziimba mlandu. Kenako anaona kachilembo kaja. Anali atakaika pa nyung'unyu, koma pa chithunzi kanali m'mwamba, pafupi ndi nthiti. Anasuzumira pa galasi. Mutu wa mayi Noreen sunali m'chidikha cha pilo, ndipo zidendene zawo zinali zitapitirira mapeto a tebulo.

Anatuluka kuseri kwa galasi.

"Mayi, mwasuntha."

"Ndani?"

"Inuyo. Mwatsetserekera kumapazi pamene ndinawerama."

"Tebulo lanuli n'loterera. Mukauze boma."

"Pa chithunzi cha chaka chatha simunaterereke. Chaka chinacho simunatererekenso."

Mayi Noreen anadzuka pang'onopang'ono n'kukhala m'mphepete mwa tebulo. Dzanja lawo linapita lokha pa ntchafu, ndipo ataona kuti Tahlia akuliyang'ana analichotsa.

4. Zimene mlendo anaona

"Tseka chitsekocho," anatero mayi Noreen. Tahlia anatseka.

"Ndagona pa tebulo ili kasanu ndi kanayi. Ndikudziwa pamene kuwala kuja kumathera. Tsopano tamvera, mwanawe, chifukwa sindibwereza. Ukamasankha nkhosa pa kanjira ka m'khola, yotsimphina umaipatutsira kumanzere. Suida, koma yapita basi, sibwereranso ku zinzake. Ifenso okalamba a kuno amatichita chimodzimodzi. Dokotala akangoona kanthu pa chithunzicho, aitana ndege. Amuna anga a Col anakwera ndege imeneyo akuyenda ndi miyendo yawo. Anabwerako ali phulusa m'kabotolo, ndipo ndinawanyamula pa mpando wa kutsogolo. Mwana wanga Craig ali ku Adelaide, ndipo ali kale ndi munthu wofuna kugula famu. Ali kalenso ndi kachipinda kanga m'nyumba ya okalamba, ka zenera loyang'ana poimika magalimoto. Ndikangogona m'chipatala miyezi iwiri, ndikadzuka ndipeza Mozzie ali kwa eni ena. Iwe ukudziwa kudya wekha. Wadya wekha miyezi iwiri yokha ndipo taona m'mene waonekera. Ine akufuna ndidye ndekha mpaka kufa, pakati pa anthu osadziwa dzina la nkhosa ngakhale imodzi."

Mayi Noreen anatsitsa mawu.

"Sindikukupempha kunama. Chithunzi wajambula, chitumize. Des Pascoe akadzaona kuti nsonga palibe, akukalipira pang'ono, alemba kalata yondiitananso. Kalatayo indipeza mtsinje utadzaza. Ndimeta nkhosa zanga, ndigulitsa ubweya, ndiye tidzaona. Lamlungu ubwere, ndakusungira nthiti."

Tahlia anabwerera pa kompyuta. Batani lotumizira chithunzi linali pomwepo. Chitini cha masikono chinali pambali pake, chikadali chofunda. Anaima nthawi yaitali ndithu, dzanja lili m'malere. Kenako analibweza n'kulipisa m'thumba.

"Ndikufuna kujambulanso," anatero.

"Ndakana."

"Ufulu wokana muli nawo. Koma ndilemba kuti mwakana. Ndilembanso kuti mwasuntha dala, ndi kuti ntchafu yakhala ikukupwetekani masabata atatu. Dokotala awerenga lero lomwe."

Nkhope ya mayi Noreen inauma gwa.

"Masabata atatu. Zimenezo unazionera kuti?"

"Kwanu."

"Pa tebulo langa. Uli mlendo wanga, nyama yanga ili m'kamwa. Ndiye ukazilemba m'mapepala a chipatala?"

"Inde, mayi."

Mawuwo anatuluka aang'ono, koma anatuluka.

Mayi Noreen anamuyang'ana monga m'mene ankayang'anira ogula ubweya. Kenako anagonanso chagada, okha, osalola kugwiridwa.

"Jambula," anatero. "Mwina mulibe kanthu, ndiye uchite manyazi. Koma kaya muli kanthu kaya mulibe, usadzapondenso pa famu yanga."

5. Chithunzi chachiwiri

Ulendo uno Tahlia anaika kathumba ka mchenga kumapazi awo. Anatsitsa kuwala mpaka pafupi ndi bondo. Anakonzeratu mabatani, ndipo podina sanachotse maso pa galasi.

Chithunzi chinatuluka chathunthu.

Mzere wakuda unatsika m'mbali mwa chitsulo, pamene chitsulo ndi fupa zinayenera kugwirana. Nsonga sinali pakati. Inali itatsamira mbali ya kunja, ndipo pamenepo fupa linali lopyapyala kwambiri. Kuchokera pansongapo panatsika kamng'alu konga tsitsi limodzi.

Tahlia anatseka pakamwa monga anamuuzira.

"Ee," anatero mayi Noreen ali chigonere. "Ukanakhala wogulitsa nkhosa ukanafa ndi njala. Nkhope yakoyo sibisa kanthu."

"Ine sindine dokotala, mayi. Koma chonde musaimirire. Mwendowo usaponde pansi. Ndikukaitana bambo Pascoe."

Mayi Noreen anayang'ana kudenga.

Tahlia anathamanga. Wodi ili mbali ina ya chipatala. Anapeza bambo Pascoe ali pakati pojambula wodwala wa chifuwa, ndipo anamuimitsa pakhomo ndi dzanja mpaka atamaliza. Dokotala Menon, yemwe ndi dokotala yekhayo m'tauni muno, ankasoka dzanja la wometa nkhosa wina. Pamene atatuwo amafika ku chipinda chojambulira n'kuti patatha mphindi khumi ndi zisanu.

Pa tebulo panalibe munthu. Chovala chotsegula kumbuyo chija chinali chitapindidwa bwinobwino pa pilo. Chitseko cha mochapira zovala, chotulukira poimika magalimoto, chinali chotseka ngati sipanadutse munthu. Chitini cha masikono nachonso anali atatenga.

Bambo Pascoe anavala magalasi n'kuweramira kompyuta. Anayang'ana chithunzi choyamba, kenako chachiwiri.

"Nsonga yonse ikuoneka," anatero.

"Fupa ili latsala pang'ono," anatero dokotala Menon. "Akhoza kulikonza, akatswiri a ku Adelaide amasintha zitsulo zoterezi sabata iliyonse. Koma likathyokera kutchire ndi nkhani ina. Ndikuitana ndege. Mayiyu ali kuti?"

"Wabwerera kwawo," anayankha bambo Pascoe. "Ndipo pikiapu yake ija ndi yaitali ngati ngamila. Petrakis, zipata ndi zingati?"

"Zisanu ndi ziwiri."

"Kutsika kawiri pa chilichonse. Ndipo potsika amatsogoza mwendo uti?"

"Wa kumanja."

Dokotala anatukwana chapansipansi n'kuthamangira ku foni.

Ambulansi ya kuno imayendetsedwa ndi anthu ongodzipereka. Tsikulo dalaivala wake anali kokonza mpope wa madzi kunja kwa tauni, ndipo anati afika pakatha mphindi makumi anayi. Wapolisi anali ku tauni ina. Bambo Pascoe sakanasiya odwala a ku wodi.

Tahlia anatulutsa makiyi a galimoto yake m'thumba n'kungowagwira.

"Andiletsa kupondanso kumeneko," anatero.

"Ndiye?" anafunsa bambo Pascoe.

"Ndiye ndikupita."

Anamupatsa wailesi ya m'manja, botolo la madzi ndi bulangete.

"Tamvera. Ukamupeza ali m'galimoto, akhale momwemo. Ukamupeza ali pansi, usamudzutse, usamukoke mwendo, ngakhale akutukwane mpaka agogo ako. Umufunditse, uyankhule pa wailesi, udikire ambulansi. Mtsinje ukaupeza ukuyenda, usawoloke. Sindikufuna kudzajambula anthu awiri. Ndipo usayembekezere kuti akuthokoza. Mwina sadzakuyankhulanso moyo wake wonse. Ntchito yathu ndi yotero."

6. Chipata choyamba

Phula limathera pa manda a tauni. Kuchokera pamenepo ndi fumbi lofiira, tchire lalifupi ndi mlengalenga. Tahlia anayenda makilomita makumi atatu osakumana ndi galimoto ngakhale imodzi. Mitambo ya kumpoto inali itafika pamutu. Mpando wa pambali pake unali wopanda kanthu, ndipo Lamlungu likubweralo linali lopanda kanthu chimodzimodzi.

Atakwera kamtunda komaliza anachepetsa liwiro monga mwa nthawi zonse, kukonzekera kutsika.

Chipata chinali chotsegula.

Mphepo inkachikankhira uku ndi uku, unyolo ukukwekwereka m'fumbi. Nkhosa zisanu zinali zitatuluka kale ndipo zinkadya m'mbali mwa msewu. Pansi panali mapazi a nsapato za mayi Noreen, kuchokera pamene galimoto inaima kukafika pa chipata ndi kubwerera. Phazi la kumanzere linkaponda mozama. La kumanja linkangokanda mzere. Tsidya lina la chipata panalibe mapazi. Matayala anangopitirira.

Tahlia anayankhula pa wailesi. "Bambo Pascoe, chipata choyamba asiya chotsegula."



"Noreen Haddow?" anafunsa bambo Pascoe. "Fulumira, mwanawe."

Tahlia anadutsitsa galimoto. Anaponda pa famu imene anamuletsa. Anatsika, anathamangitsira nkhosa zija m'kati, n'kukoka chipata. Madontho oyamba a mvula anagwa pa manja ake pamene ankakoleka unyolo.

Ndiye anamva kuuwa.

Kutsogolo, pa msewu wopita ku chipata chachiwiri, kagalu kofiira kankabwera chothamanga, lilime lili panja. Anali Mozzie. Ankabwera yekha.